Mapulani a Madamu tikawasunge kuti?

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndifunse funso, poti anthu amene angaliyankhe ndi omwe amawerenga tsamba lino. Katswiri wojambula mapulani a nyumba akakalamba n'kupuma pa ntchito, mapepala ake a zaka zonsezo amapita kuti, nanga wokawatenga ndani? Kuno ku Salima kuli mayi wina amene anajambula mapulani a midadada ya sukulu, zipatala zing'onozing'ono, nyumba za aphunzitsi ndi matchalitchi angapo, n'kuphunzitsanso luso lomweli kuyunivesite mpaka imvi mbuu. Lero ntchito yawo yonse ili m'kachipinda kamodzi mmene munkakhalanso matumba a chimanga. Dzina lawo sinditchula, achibale anandipempha kutero, komanso eni akewo sakonda zotchuka. Pa ntchito tinkangoti Madamu, ndipo muno ndiwatchula chomwecho.

Ine ndine mmisiri womanga. Ndinayamba ndi kutunga madzi ndi kukankha wilibala, kenako ndinaphunzira kuyala njerwa, mpaka ndinadzakhala folomani. Nyumba zambiri zimene ndinaimika m'mbali mwa nyanja muno, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, zinachokera pa bolodi la mayi ameneyu. Mapepala ndikunenawa ndakhala ndikuwatambasula pa mulu wa njerwa, n'kuwapsinja ndi miyala m'makona kuti mwera usawauluze, ndiye ndikudziwa chimene chili m'menemo.

M'kachipindamo muli mabokosi achitsulo, aja ana amapita nawo kusekondale yogonera komweko, makatoni a sopo, ndi mipukutu yoimika pakona yomangidwa ndi tizidutswa ta chitenje. Mipukutu yakale kwambiri ndi ya mapepala opyapyala oonekera kuseri, amene ankajambulapo ndi inki yakuda. Mukalozetsa pepalalo kudzuwa mumaona potuwa, pamene Madamu anapala ndi lezala kuti asunthe chitseko kapena zenera. Mapepala amenewa sagwirizana ndi kutentha kwa kuno. Anauma gwa, ndipo ukawatambasula mwaphuma amathetheka m'mphepete n'kumayoyoka. Palinso makope aja a mizere ya buluu amene ankatuluka m'makina akununkha amoniya. Amene anali pamwamba, poomba dzuwa la pazenera, mizere yake inazilala moti manambala sakuwerengeka. Makalata a pa fakisi ndiye anayereratu mbee. Mapini ndi timawaya tolumikizira mapepala tinachita dzimbiri n'kuboola pomwe tinagwira, selotepi inasanduka yachikasu n'kusiya zipsera. Bokosi limodzi linali pansi penipeni, lotsamira khoma, ndipo chiswe chinalowera kunsi kumene dzimbiri linaboola. Kunja linkaoneka labwinobwino. Titatsegula tinapeza dothi lokhalokha ndi tizibenthu ta manambala. Madamu anafunsa kuti pa chivindikiro palembedwa chiyani, mdzukulu wawo n'kuwawerengera. Anangoti, "Basi, chipatala chija chapita."

Wina anena kuti nanga nyumbazo si zilipo, mapepala ngachiyani? Ameneyo akafunse mmisiri aliyense amene anapatsidwapo ntchito yokonza nyumba yomanga wina. Khoma likapakidwa pulasitala silikuuza zimene zili m'kati mwake. Sungadziwe ngati pamwamba pa zenera pali lintala, mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo, kapena njerwa chabe, ngati maziko anakumba mita yathunthu kapena anangopalasa, khoma losenza denga ndi liti ndipo longogawa zipinda ndi liti, mapaipi anadutsa pati. Pa chipatala china cha m'boma lino zimbudzi zinatseka, ndipo kontilakita amene anapatsidwa ntchitoyo anakumba bwalo lonse ngati akusaka mbewa, kufuna pamene paipi inakhotera. Mapeto ake anathyola paipi ya madzi akumwa, amayi odikirira kuchira n'kumakatunga kumjigo. Pepala losonyeza njira ya mapaipiwo, pamene pali thanki ya zonyansa, ndi mtunda wake kuchokera pangodya ya wodi, linali m'bokosi kwa Madamu, ulendo wa kabaza. Panalibe wodziwa kuti liliko.

Makhonsolo amasunga kope la pulani imene anaidinda, izo n'zoona. Koma pulani yodindidwa ndi nyumba imene yaima zimasiyana. Mukayamba kukumba mumapeza makande pomwe mumayesa pali mchenga, kapena chulu chakale pansi pa ngodya, kapena matabwa a saizi yolembedwa asowa pamsika, ndiye zinthu zimasintha pamalo pomwepo. Kusinthako kumalembedwa ndi bolopeni yofiira pa kope la pamalo a ntchito ndi m'kabuku ka katswiriyo, ndipo nthawi zambiri sikubwereranso kuofesi ya khonsolo. Timabuku timeneti Madamu ali nato tambiri, ta zikuto zolimba, tothimbirira ndi simenti, ndipo kwa ine n'tamtengo wapatali kuposa zojambula zokongola zija zoonetsa alendo, zokhala ndi timitengo ndi tianthu toyenda.

Kamodzi mwa timabukuto n'ka mu Malichi 1989, pamene chivomerezi chinagwedeza Salima, anthu ena n'kufa, zikwizikwi n'kumagona panja. Achikulire a kuno sanaiwale. Madamu, nthawi imeneyo ali mtsikana wongobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja, anayenda m'midzi ndi tepi ndi pensulo, kujambula mng'alu uliwonse umene anaupeza. Tsamba ndi tsamba mng'alu ukuyambira pakona ya zenera kapena ya chitseko n'kukwera mopendekera. Makoma osongoka a m'mbali, osenza mtanda wa denga, agwera kunja. Ngodya zayasama pamene omanga sanalukanitse njerwa. Pansi pa chojambula chilichonse analemba ngati khomalo linamangidwa ndi matope kapena simenti, kuchindikala kwake, ndi mtundu wa dothi la pamalopo. Kuyambira pamenepo sankalola kuti nyumba yojambula iwo ifoleredwe popanda ring'ibimu, lamba wa konkire uja wozungulira pamwamba pa mazenera. Pa sukulu ina komiti inkadandaula kuti simenti ikutha, ndipo Madamu anandikokera pambali.

"A folomani, simenti ikachepa tisiye pulasitala wa kunja, adzapaka chaka chamawa. Koma lambayu musamukhudze. M'kalasi muno mudzakhala ana a eni."

Pamene zivomerezi zinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009, zithunzi za m'nyuzipepala zinaonetsa ming'alu yomwe ija, poyambira pomwe paja. Tikukhala m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka, ndipo idzagwedezekanso. Kabuku kameneka kanayenera kukhala m'manja mwa ophunzira, koma kali m'katoni ya sopo.

Za kutentha nazonso zili momwemo. Aliyense amene analowapo m'kalasi ya malata kuno mwezi wa Okutobala akudziwa kuti ana amayamba kuwodzera nthawi isanakwane 11 koloko. Madamu ankaimika mdadada moti makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya makoma aafupi. Mazenera ankakhala moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, pamwamba pake tizibowo totulutsira mpweya wotentha, khonde lotambalala, denga lokwera. Zikuoneka zapafupi, koma makalata awo akusonyeza kuti chilichonse anachilimbirana ndi eni ndalama, amene ankafuna pulani imodzi yomweyo ku Dedza kozizira ndi ku Lifuwu kotentha. Ndaona midadada yatsopano ingapo yomangidwa chaposachedwa, mazenera mbali imodzi, denga lotsika, ndipo aphunzitsi amatulutsa ana kukaphunzirira pansi pa mtengo mdadada uli chiimire.

Mapepala a uphunzitsi wawo ali m'mabokosi apadera. Muli manotsi olemba pamanja, chaka ndi chaka akuwonjezera m'mphepete ndi inki yosiyana, mafunso a mayeso, ndi tizithunzi tating'ono tija toonetsa pakhoma ndi pulojekita, tina tachita chuku. Chimene chinandikhazika pansi nthawi yaitali ndi ntchito imene ankapatsa ophunzira pa tchuthi, yoti aliyense akayeze ndi kujambula chomangidwa cha kwawo. Wina anajambula nkhokwe, kuyambira miyala ya pansi, mitanda, kalukidwe ka nsungwi, mpaka kamangidwe ka denga lake lovula ndi kuvala. Wina nyumba ya mdindo, kusonyeza mmene thabwa limakwerera mzere ndi mzere. Wina khola la nkhunda. Wina nyumba zakale za ku Linga ku Nkhotakota ndi makonde ake, wina tchalitchi cha All Saints komweko, mmene muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. Nyumba za m'midzizo zambiri kulibenso. Nkhokwe anthu anazisiya, chimanga chikugona m'nyumba kuopa akuba, monga chikuchitira kwa Madamu komweko. Tsopano boma likuletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo aliyense akufunsa za mabuloko ndi njerwa za dothi lotsendera ndi simenti pang'ono. M'mabokosimo muli zotsatira za kuyesa kumene Madamu ankachita ndi ophunzira awo pa dothi la m'madera osiyanasiyana, liti limagwira, liti limang'aluka likauma. Tizilipira anthu kuti ayambirenso kuyesa zomwezo?

Mapepala a amisiri onse amatayika, aamuna ndi aakazi omwe, koma a mayi amatayika msanga, ndipo chifukwa chake chimaoneka pa pulani pomwepo. Pangodya ya kumunsi kwa pepala lililonse pamakhala kabokosi kolembamo eni ntchito. Pa mapepala a Madamu a zaka zoyambirira m'kabokosimo muli dzina la unduna kapena la kampani ya azibambo kumene ankagwira, ndipo iwo akungooneka ndi zilembo ziwiri zoyamba za maina awo, zing'onozing'ono, pamzere wa wojambula. Atakwatiwa, chilembo chimodzi chinasintha. Wodzafufuza mawa adzayesa ndi anthu awiri, mwinanso adzayesa ndi abambo. Mwala wa pakhoma la sukulu nawo umatchula nduna imene inadula riboni ndi bungwe limene linapereka ndalama, basi. Ine ndemwe ndamvapo a mfumu akuyamika pa msonkhano kuti a folomani anatimangira sukulu yozizira bwino, pamene kuzizirako kunaganiziridwa ndi mayi amene iwo ankamuyesa kalaliki wodzawerenga matumba a simenti.

Ndiye pali zimene zimachitika maliro akatha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linathandiza pa mchitidwe wolanda katundu, koma mapepala palibe amene amawalimbirana. Anthu amakangana za nyumba, galimoto, firiji ndi mipando. Mapepala amatuluka tsiku losesa, ochindikala kupita kwa ogulitsa mandasi ndi tchipisi, opyapyala kukayatsira mbaula. Bambo wotchuka sasowa mwana kapena mnzake wa ku kampani woti anene kuti izi musataye. Za mayi, makamaka ngati ana ake ali kutali, zimatuluka mwakachetechete. Mdzukulu amene akukhala ndi Madamu akufuna chipindacho, ndipo sindikumuimba mlandu. Mnyamata wakula, sangamagone pabalaza chifukwa cha mipukutu imene palibe wabwera kudzaifunsa.

Madamu eni ake ankaikamba nkhaniyi m'kalasi, ndipo kwa ife amisiri ankaikamba pa nthawi ya nsima. Ankakonda kutchula Denise Scott Brown, mayi wobadwira ku Nkana, kwa anansi athu ku Zambia, mu 1931, amene anakulira ku Johannesburg n'kukagwira ntchito ndi kuphunzitsa ku America. Iye ndi mwamuna wake Robert Venturi ankajambula ndi kulemba limodzi, koma mu 1991 mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula nyumba, ya Pritzker, inapita kwa bambo yekha. Ophunzira a ku yunivesite ya Harvard atapempha mu 2013 kuti dzina la mayiyo liwonjezedwe, eni mphotoyo anakana. Mwayi wake n'ngwakuti mapepala a kampani yawo anasungidwa ku University of Pennsylvania, moti wofuna kudziwa kuti dzanja la yani linagwira pati angathe kukaona yekha. Mayi winanso, Milka Bliznakov wa ku Bulgaria, amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya Virginia Tech ku America, anayambitsa mu 1985 malo osungira mapepala a akazi a ntchito imeneyi ochokera m'maiko onse, otchedwa International Archive of Women in Architecture, ataona kuti ntchito za akazi anzake zikuthera kudzala.

Mwana wa Madamu amene ali kunja anaganiza zoti zonse titumize kumeneko. Cholinga chake n'chabwino, ndipo sindikukayika kuti kumeneko ali ndi zipangizo zoposa zathu. Koma ine ndikukana. Kontilakita wosaka paipi kwa Khombedza sadzakwera ndege kupita ku Virginia, ndipo mtsikana wa chaka choyamba amene anzake akumuuza kuti ntchito imeneyi ndi ya amuna ayenera kugwira ndi manja ake pepala limene anajambula mayi wa konkuno. Makope apite, zenizenizo zitsale.

Kungoti mbiri yathu yosunga mapepala ili ndi zipsera zake. Mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za atsamunda anathera pomwepo. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa. Madzi nawo sanatisiye: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kusefukira kwa ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, nyanja kukwera chaka chomwecho mpaka kulowa m'nyumba za m'mbali mwake. N'chifukwa chake sindikhulupirira zoika zonse pamalo amodzi, kaya malowo akhale abwino chotani. Mapepala enieni akhale kwina, makope kwina. Timanyadira kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott ndi amisiri a konkuno anamanga pakati pa 1888 ndi 1891, chinaima popanda pulani yojambulidwa. N'chodabwitsadi, koma ine monga mmisiri ndimamvera chisoni aliyense wopatsidwa ntchito yochikonza, ndipo ndikadakonda maina a oumba njerwa zija akadalembedwa penapake poti tonse tiziwawerenga.

Malo osungira alipo. National Archives of Malawi ku Zomba, imene inayamba mu 1947, imasunga mafayilo a boma komanso mapepala a mamishoni, mabungwe ndi anthu paokha. Koma mafayilo a boma amapitako chifukwa lamulo likutero, pamene a munthu payekha amafikako mwini wake kapena achibale akawapereka, ndipo anthu ambiri kuno kumudzi sadziwa n'komwe kuti khomo limenelo limatsegulidwa. Mapulani amafunanso kasungidwe kawokawo. Si fayilo yoti uike pashelefu. Amafuna makabati a madilowa otambalala moti pepala ligone lonse osapindidwa, chipinda chosatentha ndi chopanda chinyezi, ndi munthu wodziwa kuwerenga pulani woti alembe kuti ili ndi pepala lanji. Wosunga mapepala amadziwa kuteteza pepala, wa zomangamanga amadziwa chimene chajambulidwapo, ndipo ntchitoyi ikufuna onse awiri.

Choncho pempho langa likupita kutatu. Kwa akuluakulu a ku National Archives, tiuzeni kudzera m'nyuzipepala ino komanso pawailesi, m'Chichewa, kuti banja lofuna kupereka mapepala liyambire pati, lisaine chiyani, ndipo lidzaloledwa bwanji kuwaonanso. Kwa a MUBAS, imene kale tinkaidziwa kuti Polytechnic isanaime payokha mu 2021, ndinu amene mukuphunzitsa akatswiri a mawa, ndiye ganizirani za chipinda chimodzi m'laibulale yanu chosungira ntchito za akale, ndipo ophunzira amene mumawatumiza kukaphunzira ntchito m'makampani, awiri okha abwere kuno ku Salima adzalembe mndandanda wa zili m'mabokosimu. Adzaphunzira zambiri kuposa kukhala muofesi n'kumatumidwa kukagula mayunitsi. Kwa a Malawi Institute of Architects, inu mukuwadziwa mamembala anu okalamba, amayi ndi abambo omwe. Ayendereni adakali moyo, ndipo alimbikitseni kuti polemba wilo atchulemonso mapepala, osati nyumba ndi galimoto zokha.

Achinyamata akuti bwanji osangojambula zonse pafoni n'kuika pa intaneti. Tayesa. Makalata ndi timabuku zimatheka ndithu. Koma pulani yaikulu ukaijambula pafoni imapindika m'mbali, sikelo yake imasokonekera, timanambala tating'ono timafufutika, ndipo pulani imene sungayezepo ndi rula yasanduka chithunzi chabe. Pamafunika sikana yaikulu yonga ya kumalo osindikizira mapulani ku Lilongwe, ndiponso pepala louma lija sungalikankhire m'makina osayamba walifewetsa ndi kulitambasula mosamala. Chinanso, musamakhulupirire kwambiri kompyuta. Ntchito za Madamu za zaka zomalizira, zimene anajambula pa pulogalamu ya pakompyuta ya AutoCAD, zili pa timadisiki takale tija tamakona anayi ndi m'kompyuta imene inasiya kuyaka. Mapulani a inki a m'ma 1980 tikuwawerenga ndi maso, pamene a pakompyuta, amene ndi aposachedwa, mpaka pano palibe watha kuwatsegula.

Chimene chikundithamangitsa kwenikweni ndi thanzi la eni akewo. Maso agwidwa ndi ng'ala, koma mutu uli bwinobwino. Ukawawerengera nambala ya m'kabokosi ka pangodya amakuuza nthawi yomweyo kuti iyi ndi sukulu yakuti, iyi sinamangidwe chifukwa ndalama zinathera panjira, iyi inamangidwa koma anaitembenuza kuti chitseko chiyang'ane kumsewu iwo asakufuna. Amamasulira zidule za m'timabuku zimene palibe wina angazimve. Mdzukulu uja wayamba kujambula mawu awo pafoni, mpukutu uliwonse ndi nkhani yake, ndipo kuyambira pamenepo zofuna chipinda wayamba kuzinena mofatsa. M'timabukumo mulinso maina a amisiri, akalipentala, oumba njerwa, ngakhale amayi otunga madzi ndi ndalama imene ankalandira pa ndowa. Ambiri a iwo anatisiya, ndipo ndikukhulupirira kuti dzina lawo silinalembedwe pena paliponse kupatula m'kaundula wa tchalitchi kapena wa mzikiti. Tikadikira kuti Madamu atsogole, mabokosiwa adzafika ku Zomba kapena ku Blantyre opanda wowafotokoza, ndipo wolandira adzatha zaka akulota chimene mayiyu akanamuuza pa khonde tiyi asanazizire.

Sikuti zonse ziyenera kuonedwa ndi aliyense. Muli malikisi a ophunzira amene lero ndi mabwana, ena mwa iwo anakhoza movutikira ndithu. Muli makalata a mikangano ndi makontilakita amene ana awo adakali pa ntchito yomweyi, ndi pulani ya nyumba ina yosungiramo ndalama yosonyeza kuchindikala kwa makoma ake. Zotere banja ndi osungawo angagwirizane kuti zitsekeredwe kwa zaka zingapo. Koma kutsekera n'kosiyana ndi kuwotcha, ndipo ndikuopa achibale ofuna kuteteza ulemu wa munthu pochotsa chilichonse chosonyeza kuti anakanganapo ndi wina. Kalata imene Madamu anakana kusaina ntchito yoipa ikunena zambiri za iwo kuposa satifiketi ili pakhoma.

Pakadali pano tachita zimene manja athu angathe. Chimanga tachisamutsira kukhitchini kuti makoswe atsatire komweko. Kalipentala mnzanga wakhoma mashelefu otalikira pansi ndi khoma, miyendo yake taiika m'zitini za oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. Pazenera tatchinga ndi nsalu yochindikala. Tachotsa mapini adzimbiri, ndipo mipukutu imene inali m'majumbo taitulutsa, poti pulasitiki imachititsa thukuta m'nyengo ya mvula. Wina anabwera ndi nzeru yothira mankhwala a chimanga m'mabokosi, wina yokamatitsa pulasitiki pa mapulani monga amachitira ndi ziphaso, zonsezo Madamu anakana. Anakananso kuti tisanje mapepala mwa nzeru zathu. Akuti mmene anawaikira ndi mmene ankagwirira ntchito, ndipo wodzalandira adzafuna kuona dongosolo lomwelo. Mndandanda tikulemba m'kope la sukulu, bokosi ndi bokosi.

Denga la kachipindako ndalimata, koma malata ake ndi akale, ndipo sindingalonjeze kuti lipirira mvula ya Januwale. Ngati kuli ofesi yovomera kulandira, galimoto tipeza ife amisiri amene tinadya nsima kudzera m'mapulani amenewa, za mafuta tayamba kale kusonkherana, ndipo msewu wa M5 kudzera ku Golomoti ndi Balaka tikuudziwa. Amene anaphunzitsidwa ndi mayi wa ku Salima ndipo mwamuzindikira m'kalata muno, kapena muli ndi makalata ndi zojambula zake m'nyumba mwanu, lemberani kudzera kwa Akonzi, ndawasiyira nambala yanga. Wofuna kudzaona mapepalawa abwere m'mawa, poti masana Madamu amatopa, asambe m'manja, ndipo atenge pensulo. Bolopeni m'chipindamo saloleza.

Ndine wanu,
Folomani wopuma,
Kamuzu Road, Salima